Mmene mungayesere ngati galasi lalimbitsa kapena lafooketsa zirconia

Amene amapanga mano oikirira, mipeni yosachita dzimbiri, timipira toperera zinthu m'mafakitale ndiponso tizigawo ta mapampu kuchokera ku zirconia, ufa wa zirconium ndi oxygen umene umaumbidwa n'kuwotchedwa ngati dongo, amalimbana ndi vuto limodzi losatha, lomwe ndi moto. Ufa wa zirconia wosakaniza ndi yttria (ufa wa yttrium ndi oxygen) yokwana mamolekyu 3 pa 100 aliwonse, umene umagulitsidwa ndi dzina loti 3Y-TZP, umafuna ng'anjo yotentha madigiri a Celsius pakati pa 1400 ndi 1500 kuti ugwirane bwino, ndipo ng'anjo zotere n'zodula, zimadya magetsi ambiri, komanso zotenthetsera zake sizichedwa kutha. N'chifukwa chake ambiri amaganiza zothiramo galasi pang'ono, popeza galasi limasungunuka msanga n'kukokera tinjere ta ufawo pamodzi moto usanafike patali. Njirayi imagwiradi ntchito, koma galasi likalowa silitulukanso. Limatsalira pakati pa tinjereto n'kusintha kulimba kwa chinthucho m'njira zosaoneka ndi maso. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene ali ndi labotale yokhala ndi ng'anjo, makina opanikizira ufa ndi makina oyesera kulimba, ndipo akufuna kudziwa ngati galasi limene akuthiralo likumupindulira kapena likumudyera.

Musanathire kanthu muyenera kudziwa kumene kulimba kwa zirconia kumachokera, apo ayi mudzakhala ndi manambala ambiri koma osamva chimene akunena. Maatomu a zirconia amayalana m'njira zitatu malinga ndi kutentha. Kuyambira pa kutentha kwa m'chipinda mpaka madigiri pafupifupi 1170 amayalana mwa monoclinic, kuchokera pamenepo mpaka pafupifupi 2370 amayalana mwa tetragonal, ndipo kupitirira apo amakhala cubic kufikira zirconiayo itasungunuka cha m'ma 2700. Ikamazizira n'kuchoka ku tetragonal kubwerera ku monoclinic imafufuma ndi magawo pafupifupi 4 pa 100, ndipo kufufuma kumeneku n'kokwanira kuswa chinthu chonse choumbidwa ndi zirconia yopanda chosakaniza. Ntchito ya yttria ndi kugwira tinjere kuti tikhalebe tetragonal ngakhale titazizira, koma imatigwira mosakhwimitsa. Mu 1975 akatswiri atatu a bungwe lofufuza za sayansi la CSIRO ku Australia, Garvie, Hannink ndi Pascoe, anasonyeza kuti kusakhwimitsa kotereku ndiye chuma cha zirconia. Mng'alu ukayamba kuyenda, kukoka kumene kuli kunsonga yake kumamasula tinjere toyandikana nawo, tinjereto timasanduka monoclinic, timafufuma, ndipo timaupana mng'aluwo kuti usapitirire. Ndi chifukwa chimenechi 3Y-TZP yowotchedwa bwino imapirira ma MPa (muyezo wa mphamvu yokoka kapena yopanikiza) pafupifupi 1000 isanathyoke, ndipo pa muyezo wa kukaniza mng'alu imafika cha pa 5, pamene galasi la pawindo silifika n'komwe pa 1.

Kuti kanjere kasinthe pa nthawi yoyenera, osati msanga kapena mochedwa, zimadalira zinthu zitatu: kuchuluka kwa yttria imene ili mkati mwake, kukula kwa kanjereko, kamene kayenera kuchepera pa micron imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), ndiponso kuuma kwa zimene zakazungulira n'kukapanikiza. Galasi limakhudza zonse zitatuzi nthawi imodzi, ndipo ntchito yanu yonse ndi kulekanitsa kuti mwa zitatuzi chasintha ndi chiti.

Kusankha galasi ndi kuwerengera muyezo wake

Silika yokhayokha imachedwa kusungunuka ndipo ngakhale itafewa imakhala yonanda kwambiri, motero siitsitsa moto wowotchera kwenikweni. Magalasi okhala ndi calcium, alumina ndi silika amayenda bwino pakati pa tinjere, pamene okhala ndi sodium kapena boron amasungunuka msanga kuposa onsewa. Ena amathiramo galasi logwirizana ndi mafupa, monga 45S5 limene Larry Hench anapanga ku University of Florida mu 1969, lokhala ndi silika magawo 45 pa 100, sodium oxide 24.5, calcium oxide 24.5 ndi phosphorus pentoxide 6. Ambiri amasankha galasi poona kusungunuka kwake kokha, koma ine ndimaona kuti pali mafunso ena awiri ofunika kuposa limeneli.

Funso loyamba ndi loti galasilo limafufuma motani likatentha. Zirconia imatalika ndi magawo 10 kapena 11 pa miliyoni pa digiri iliyonse, galasi la silika yokha limatalika ndi theka chabe la gawo limodzi, la borosilicate lopangira ziwiya za m'labotale ndi 3.3, la mabotolo ndi pafupifupi 9, ndipo 45S5 ndi pafupifupi 15. Zinthu ziwiri zomatana zikamazizira kuchokera pa madigiri oposa 1000, chimene chimafota kwambiri chimakokedwa ndipo chinzake chimapanikizidwa. Galasi losafota kwambiri limasiya zirconia yolizungulira ili yokokeka, zomwe zingachititse tinjere kusintha tisanakumane ndi mng'alu uliwonse. Galasi lofota kuposa zirconia ndilo limakokeka, ndipo likhoza kung'aluka kapena kumatuka pa tinjere chinthucho chisanatuluke n'komwe m'ng'anjo.

Funso lachiwiri ndi loti galasilo limayamwa yttria kapena ayi. Galasi losungunuka limasungunula mbali ya tinjere ta zirconia, ndipo zirconiayo ikamaundananso imatha kubwerera ili ndi yttria yochepa, inayo itatsalira m'galasi. Akatswiri a injini za ndege amalidziwa bwino vutoli, chifukwa mchenga ndi phulusa la mapiri ophulika zikalowa mu injini zimasungunuka n'kukhala galasi la calcium, magnesium, alumina ndi silika, limene limalowa m'chikutiro cha zirconia chotetezera zitsulo ku moto, n'kulanda yttria, mpaka chikutirocho chimasanduka monoclinic n'kusupuka. Zimene zimachitika mwangozi mu injini n'zomwezo zimene mungachite mwadala m'ng'anjo yanu mukachulutsa galasi. Calcium nayo imatha kulowa m'tinjere n'kutisandutsa cubic, ndipo kanjere ka cubic sikasintha pamaso pa mng'alu, choncho sikatetezanso kanthu.

Tsopano nkhani ya muyezo, pamene ambiri amapunthwa. Ufa timauyeza pa sikelo, koma mng'alu suona kulemera, umaona malo amene galasi latenga. Zirconia imalemera magalamu pafupifupi 6.05 pa kiyubiki sentimita imodzi, pamene galasi wamba limalemera pafupifupi 2.5. Mukasakaniza magalamu 5 a galasi ndi magalamu 95 a zirconia, galasilo limatenga makiyubiki sentimita 2 ndipo zirconia imatenga 15.7, kutanthauza kuti galasi limene mumaliyesa magawo 5 pa 100 ladzaza magawo 11 pa 100 a mkati mwa chinthucho. Mukathira magalamu 10, ladzaza magawo 21 pa 100, kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu. Lembani manambala onse awiri pa botolo lililonse, la kulemera ndi la malo, chifukwa mudzawafuna poyerekezera magalasi osiyana.

Konzani misakanizo yochulukira kumunsi, monga 0.5, 1, 3, 5 ndi 10 pa 100, popeza kusintha kopindulitsa kumachitika galasi likadali lochepa. Koposa zonse konzani msakanizo wopanda galasi, ndipo muupere, muuumbe ndi kuuwotcha chimodzimodzi ndi inayo, osangotenga manambala a pa pepala la wogulitsa ufa. Pepalalo mulifunse pa chifukwa china. Zirconia imachokera ku zircon, mwala wa zirconium ndi silika umene umakumbidwa mu mchenga wolemera ku Richards Bay ku South Africa ndi ku Moma ku Mozambique, ndipo umapezekanso mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja ku Makanjira. Motero ufa wotsika mtengo umabwera kale ndi silika yake, ndipo mukhoza kuganiza kuti mulibe galasi pamene lilimo.

Kupera, kuumba ndi kuwotcha

Ngati mukupanga galasilo nokha, lisungunuleni, mulikhuthulire m'madzi ozizira kuti liphwanyike, kenako mulipere palokha musanalisakanize ndi zirconia. Apa musafulumire. Kanjere ka galasi kakasungunuka, madzi ake amakokedwa kulowa m'timipata ta pakati pa ufa wa zirconia, ndipo pamene panali kanjereko pamatsala bowo lofanana nako kukula. Tinjere ta zirconia sitifika micron imodzi, choncho bowo la ma micron 30 kapena 40 silingatsekeke ngakhale mutawonjezera moto. Lamulo la Griffith limanena kuti chilema chikakula kanayi, mphamvu ya chinthu chosweka ngati ichi imatsika ndi theka, ndipo nthawi zambiri amene amadandaula kuti galasi lafooketsa zirconia yawo amakhala akuyeza mabowo amene anasiyidwa ndi galasi loperedwa mwaulesi. Pa miyezo yochepera gawo limodzi pa 100 ndi bwino kusiya galasi lopera n'kugwiritsa ntchito colloidal silica (tinjere ta silika tating'onoting'ono toyandama m'madzi) kapena TEOS (mankhwala amadzimadzi osanduka silika), zimene zimakuta kanjere kalikonse mofanana.

Sakanizani m'botolo la pulasitiki lokhala ndi timipira ta zirconia, mu ethanol kapena isopropanol, kwa maola 24 kapena kuyandikira pamenepo. Madzi wamba amasungunula sodium, calcium ndi boron wa m'galasi loperedwa, ndiye galasi limene lidzalowe m'ng'anjo silidzakhala limene munayeza. Timipira ta alumina timaperepeseka n'kuthira alumina mumsakanizo, ndipo alumina yochepa chabe, ngakhale 0.25 pa 100, imasintha kale khalidwe la zirconia. Poumitsa muzitakasa, chifukwa zirconia ndi yolemera kuposa galasi kawiri ndi theka ndipo mukausiya msakanizowo uli phee imatsika pansi, galasi n'kutsala pamwamba. Ukauma uphwanyeni, muusefe, ndipo muthiremo zomatira pang'ono monga PVA. Valani chotchinga pamphuno nthawi yonse imene mukugwira ufa wouma, chifukwa fumbi la silika limawononga mapapo mosabwezeka, ndipo musaumitse ethanol pafupi ndi moto.

Tsindirani ufa m'chikombole chachitsulo pa ma MPa 50 mpaka 100, ndipo ngati muli ndi makina opanikiza mbali zonse m'madzi, mubwereze pa 200 kapena 300. Yezani chidutswa chilichonse chisanalowe m'ng'anjo. Chimafota ndi magawo 20 mpaka 25 pa 100 m'litali, ndipo kusiyana kwa kafotedwe pakati pa misakanizo ndi chizindikiro choyamba cha zimene galasi likuchita.

Musaike zidutswazo pa mbale ya alumina mwachindunji, chifukwa galasi losungunuka limamatirira ndipo lina limayamwidwa ndi mbaleyo. Yalani ufa wa zirconia wokhakhala pansi pake. Kwezani moto pang'onopang'ono, digiri imodzi pa mphindi, mpaka 600 kuti zomatira zipse n'kutuluka timipata tisanatsekeke, kenako madigiri 5 pa mphindi. Msakanizo uliwonse muuwotche pa madigiri 1200, 1300, 1400 ndi 1500 kwa maola awiri, ndipo kaziziritsidwe kakhale kofanana nthawi zonse, popeza kuzizira pang'onopang'ono kumapatsa galasi mpata wosanduka makhiristo, amene khalidwe lawo ndi losiyana ndi la galasi. Musadabwe mukaona kuti msakanizo wa galasi lambiri wagwirana bwino pa 1300 koma wafufuma pa 1500. Madzi a galasi amatseka timipata msanga n'kutsekera mpweya mkati, ndipo moto ukakula mpweyawo umatukumuka, makamaka m'magalasi a sodium ndi boron. Galasi lililonse lili ndi moto wake woyenera, ndipo kuliwotcha pa moto wa zirconia yopanda galasi n'kulilakwira.

Kuyesa zimene zatuluka m'ng'anjo

Yambani ndi kugwirana kwake, poyeza chidutswa chili chouma, chili m'madzi, ndiponso chitakhuta madzi, monga mwa njira ya Archimedes. Nambala imene mwapeza muiyerekezere ndi imene msakanizowo ukanakhala nayo ukanakhala wopanda bowo lililonse, osati ndi 6.05. Pa galasi la magawo 5 pa 100 nambalayo ndi 5.65, ndipo pa magawo 10 ndi 5.30. Amene waiwala zimenezi adzaona chidutswa cha galasi la magawo 5 chogwirana bwino kwambiri n'kulemba kuti chili ndi mabowo okwana magawo 7 pa 100, kenako adzawonjezera moto pofuna kutseka mabowo amene kulibe, n'kukulitsa tinjere pachabe.

Chachiwiri ndi X-ray diffraction, njira yoonera kayalidwe ka maatomu, imene imasonyeza kayalidwe kalikonse ngati nsonga pa ngodya yakeyake. Pa makina otulutsa X-ray kuchokera ku copper, tetragonal imaonekera pa ngodya ya madigiri pafupifupi 30.2, pamene monoclinic imaonekera mbali zonse ziwiri, pa 28.2 ndi pa 31.5, ndipo kuchuluka kwa monoclinic kumawerengedwa poyerekezera nsonga zitatuzi mwa njira ya Garvie ndi Nicholson ya mu 1972. Ngati chidutswa chongotuluka m'ng'anjo chili kale ndi monoclinic yambiri, ndiye kuti galasi lalanda yttria kapena tinjere takula mopitirira, ndipo chitetezo chimene chinayenera kudikira mng'alu chathera m'njira. Muyang'anenso nsonga zachilendo, chifukwa silika ikachuluka pa moto waukulu imagwirizana ndi zirconia n'kubwereranso kukhala zircon. Pali kayesedwe kena kosavuta kamene ambiri amakadumpha: ikani m'makinamo mbali yothyoka ya chidutswa, muiyerekezere ndi mbali yosalazidwa. Kusiyana kwa monoclinic pa mbali ziwirizi kumakuuzani kuchuluka kwa tinjere timene tinasintha pamene mng'alu unkadutsa, ndipo ngati kusiyanako kukuchepa galasi likamachuluka, mwapeza chimene chikutsitsa kulimba.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa maikulosikopu ya ma electron, chifukwa imasonyeza kumene galasi lakhala. Pa chithunzi cha backscatter, chojambulidwa ndi ma electron onjanja kuchokera pa chidutswa, zirconia imawala ndipo galasi limada, popeza maatomu ake ndi opepuka. Galasi likakhala lochepa limasonkhana m'timakona tomwe tinjere titatu timakumana, ndipo tinjereto timagundanabe mbali zake zambiri, ngakhale timaoneka tobulungira m'malo mokhala ndi nsonga zakuthwa. Likachuluka limayamba kuzungulira kanjere kalikonse mpaka timadontho takuda tija timalumikizana kukhala njira imodzi yodutsa chidutswa chonse. Zili ngati khoma la njerwa zowotcha bwino lomangidwa ndi matope: matope akakhala ochepa njerwa zimasenzana zokha, koma akachuluka khomalo limagwa pa mphamvu ya matope, njerwa zili zamphumphu. Mng'alu ukapeza njira ya galasi umayenda mmenemo mosavuta, osakoka tinjere mokwanira kuti tisinthe. Komanso galasi ndi lofewa katatu kuposa zirconia pa muyezo wa kukana kupindika, ma GPa (GPa imodzi ndi ma MPa 1000) pafupifupi 70 poyerekezera ndi 200 kapena 210, motero kanjere kozunguliridwa ndi galasi sikapanikizika monga kanayenera.

Kuti malire a tinjere aoneke, anthu amatenthetsanso chidutswa chosalazidwa pa moto wotsikirapo ndi madigiri 50 mpaka 100 kuchokera pa umene chinawotchedwera. Pa zidutswa za galasi njirayi imanyenga, chifukwa galasi limasungunukanso n'kukwera pamwamba, choncho jambulani chithunzi cha galasi musanatenthetse, ndipo cha tinjere mujambule pambuyo pake. Ena amachotsa galasi ndi asidi wa hydrofluoric, koma asidi ameneyu amalowa pakhungu osapweteka nthawi yomweyo n'kukawononga mkati, moti akhoza kupha munthu, ndiye asagwiridwe m'labotale yopanda zodzitetezera ndi mankhwala a calcium gluconate.

Yezani kukula kwa tinjere pa chidutswa chilichonse, ndipo musalumphe zimenezi. Mu 3Y-TZP tinjere tokulirapo timasintha mosavuta, choncho kukaniza mng'alu kumakwera tinjere tikamakula, kufikira titapitirira malire n'kuyamba kusintha tokha. Madzi a galasi amafulumizitsa kukula kwa tinjere pa moto waukulu, koma kuwotcha pa moto wochepa kumatisiya tating'ono. Ndiye mukayerekezera chidutswa cha galasi chowotchedwa pa 1300 ndi chopanda galasi chowotchedwa pa 1500, mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi ndipo simungadziwe chimene chayankha. Kuyerekezera kwachilungamo n'kwa zidutswa za tinjere tofanana kukula, ngakhale zitawotchedwa pa moto wosiyana.

Kuuma kwa pamwamba kumayesedwa potsindira nsonga ya diamondi ya Vickers ndi makilogalamu 10. Zirconia yopanda galasi imafika ma GPa 12 kapena 13, galasi wamba limafika cha pa 6, ndiye kuuma kumatsika galasi likamachuluka ndipo palibe chodabwitsa. Pokhapokha pamene kumakwera ndi pa moto wochepa, pomwe chidutswa chopanda galasi chimakhala chikadali ndi mabowo.

Mphamvu yopirira kupindidwa imafuna khama lochuluka. Dulani timitengo ta mamilimita 3 ndi 4 ndi 45 monga mwa malamulo oyesera a ASTM C1161 kuti mutithyole pa makina a nsonga zinayi, kapena timbale tobulungira tokhuthala mamilimita 1.2 monga mwa ISO 6872 ngati ntchitoyo ndi ya mano. Kupala ndi mwala kumasandutsa khungu la zirconia kukhala monoclinic, ndipo khungu lofufumalo limapanikiza pamwamba n'kukweza nambala mwachinyengo, choncho mbali yokokedwa isalazidwe ndi phala la diamondi mpaka la micron imodzi, m'mphepete mupalidwe pang'ono, ndipo zidutswa zonse zichitidwe mofanana. Musakhutire ndi zidutswa zisanu. Chinthu chosweka chimathyokera pa chilema chake chachikulu, ndipo zilema sizifanana, motero pamafunika zidutswa 30 kuti muwerengere Weibull modulus, nambala yosonyeza ngati zidutswazo zikuthyoka pa mphamvu zoyandikana kapena zomwazikana. Nthawi zina galasi lochepa limatsitsa mphamvu yapakatikati koma n'kuchepetsa kumwazikana, ndipo kwa wopanga zinthu zogulitsa kumeneko kungakhale kupindula, chifukwa chimene chimabweza katundu ndi chidutswa chofooka kwambiri. Chilichonse chimene chathyoka msanga muchione pa maikulosikopu kuti mudziwe ngati chinayambira pa bowo, pa dziwe la galasi kapena pa chilema chopalira.

Kukaniza mng'alu ambiri amakuwerengera poyeza ming'alu yotuluka m'makona a chidindo cha Vickers. Njirayi ndi yofulumira, koma manambala ake amasintha malinga ndi masamu amene mwasankha, ndiye ikhale yongoyerekezera misakanizo yanu yokha. Ngati mukufuna nambala yoti ena aikhulupirire, chekani kamtengo ndi mpata wakuthwa kapena muyambitsemo mng'alu weniweni musanakathyole, podziwa kuti pa tinjere tating'ono chonchi mpata wobuntha umapereka nambala yokwera kuposa yoona.

Chinyezi ndi kutentha pa ntchito

Mpaka pano galasi laoneka ngati lowononga, koma pali malo amodzi pamene galasi lochepa limathandiza kwambiri. Mu 1981 Kobayashi ndi anzake ku Japan anaona kuti zirconia ya yttria imafooka yokha ikakhala nthawi yaitali pa madigiri cha m'ma 250, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti madzi ndiwo amafulumizitsa zimenezi, ngakhale pa kutentha kwa thupi la munthu. Tinjere ta pamwamba timasanduka monoclinic, timafufuma, timang'amba malire ake, ndipo madzi amalowa n'kukayambitsa zomwezo pa tinjere ta mkati. Vutoli linamveka dziko lonse cha m'ma 2001, pamene timipira ta zirconia toikidwa m'malo mwa mutu wa fupa la m'chiuno tinasweka mwa odwala mazana angapo kawotchedwe kake katasinthidwa. Akatswiri a ku Lyon ku France anasonyeza kuti silika yochepa imachedwetsa kwambiri kukalamba kumeneku popanda kuwononga kukaniza mng'alu, chifukwa kusintha kumayambira pa nsonga zakuthwa za tinjere pamene pamasonkhana kukoka, ndipo galasi la m'timakona limabulungitsa nsongazo.

Kuti muyese zimenezi, ikani timbale tosalazidwa mu autoclave, mphika wotsekeka wa nthunzi, pa madigiri 134 ndi kupanikiza kwa ma bar awiri, muzitulutsa pakatha maola 5, 10, 20 ndi 50, ndipo nthawi iliyonse muziyeza monoclinic ndi X-ray, kenako muthyole tina kuti muone mphamvu imene yatsala. Muyezenso kulemera kwake, chifukwa galasi la sodium kapena boron limasungunuka m'nthunzi yotentha, ndipo chidutswa chikhoza kukhala ndi monoclinic yochepa koma chitadyeka m'malire a tinjere. Ngati chinthucho n'choika m'thupi mwa opaleshoni, kumbukirani kuti ISO 13356 imafuna kuti zirconia, hafnia (imene imapezeka mwachilengedwe pamodzi ndi zirconia) ndi yttria pamodzi zikwane magawo 99 pa 100, ndiye malo a galasi ndi ochepa kwambiri ngakhale zotsatira zanu zitakoma motani.

Kutentha pa ntchito ndi nkhani ina. Galasi limene linathandiza tinjere kuterereka m'ng'anjo lidzachitanso chomwecho chinthucho chikadzatenthedwa chili ndi katundu, ndipo chidzapindika pang'onopang'ono. Ku Japan zirconia yokhala ndi silika magawo 5 pa 100 inakokedwa pa madigiri 1400 mpaka kutalika kuposa kakhumi isanaduke, zomwe n'zabwino kwa amene akufuna kuipinda kukhala chiwiya, koma n'zoopsa kwa amene akufuna kuti isunge maonekedwe ake pa moto. Ngati chinthu chanu chidzagwira ntchito potentha, chiyeseni pa kutentha komweko, osati m'chipinda. Ndipo ngati ndi zirconia yodutsitsa oxygen, monga ya m'masensa a utsi wa galimoto kapena ya fuel cell, silika musaiyandikitse n'komwe, chifukwa ngakhale yochepetsetsa imatchinga malire a tinjere.

Mukapeza kuti galasi la mkati likudya mphamvu yochuluka, pali njira ina yoti muyese, yomwe ndi kuliika pamwamba pokha. Chidutswa chimawotchedwa pang'ono kuti chikhalebe ndi timipata, chimapakidwa phala la galasi, kenako chimawotchedwa komaliza, ndipo galasilo limalowa kakhungu kochepa, likucheperachepera polowa mkati, pakati n'kutsala zirconia yokhayokha. Gulu la Yu Zhang ku New York University linasonyeza kuti khungu lofewerapo chonchi limasamutsira kukoka kwakukulu mkati, kutali ndi zilema za pamwamba. Kwa opanga mano pali phindu linanso, loti zirconia yokha siidyeka ndi asidi wa hydrofluoric ndipo imavuta kumata, pamene khungu la galasi limadyeka n'kulandira silane, mankhwala othandiza kumata, monga porcelain. Galasi la ntchito imeneyi lisankhidwe lofufuma mofanana ndi zirconia, ndipo poyesa mudule chidutswa pakati kuti muyeze kuya kwa khungulo, chifukwa kuya kwake kumasintha kwambiri malinga ndi moto umene munawotchera koyamba.